Gogodela ndi Nyama za M'chigwa cha Phalombe

Anzanga ophunzira akale, ambiri a ife tikakumbuka phunziro la mbiri yakale timakumbuka zaka zimene tinkaloweza usiku pa koloboyi poopa mayeso: 1859, 1891, 1915, 1964. Maina a abwanamkubwa tinkawatchula motsatana ngati pemphero. Koma m'mabuku onse aja mudalibe tsamba lofotokoza za mfuti yadzimbiri imene ambiri tidakula tikuiona itatsamira pakona kwa agogo kapena kwa amalume, imene ana tinkaletsedwa ngakhale kuikhudza. M'kalata ino ndafuna kuti tikumbutsane za mfuti imeneyi, makamaka monga idakhalira kwathu kwa Jenala ndi m'chigwa chonse cha Phalombe. Munthu wofuna kudziwa amene adali ndi mphamvu m'chigwa chimenechi pa nyengo ina iliyonse angofunsa kuti ndani adali ndi mfuti yotani, pakuti ya wolamula nthawi zonse inkaposa ya wolamulidwa. Ndipo wofuna kudziwa chimene chidatha nyama zathu afunsenso funso lomwelo.

Chigwa chisanadzaze midzi

Amene mudachoka kumudzi kalekale mukukumbukabe maonekedwe a dziko lathu. Kummwera kuli mapiri a Mulanje ndi Michesi, kumpoto kuli madambo a nyanja ya Chilwa, ndipo pakati pamayenda mtsinje wa Phalombe umene umakathira m'nyanjamo. Lero m'chigwachi ndi midzi ndi minda yokhayokha, ya chimanga, nandolo, mpendadzuwa ndi mpunga, kotero kuti mwana wa sukulu ya pulayimale angakuseke utamuuza kuti pamene pali bwalo lake la mpira pankadya mbidzi.

Koma pamene David Livingstone ndi John Kirk adafika pa nyanja ya Chilwa m'mwezi wa April 1859, ndi kwa zaka zambiri pambuyo pake, chigwachi chidali cha nyama. Mudali njovu, njati, ntchefu, mphalapala, mphoyo, mbidzi ndi nyumbu, osanena za mikango ndi afisi. Amang'anja amene ankakhala kuno ankasaka ndi uta ndi mivi, mikondo, agalu, maukonde ndi mbuna. Nyengo ya chilimwe, udzu utauma, mfumu inkaitanitsa uzimba ndipo amuna a midzi ingapo ankatuluka pamodzi. Nyama ikaphedwa inkagawidwa motsata mwambo: woyamba kulasa adali ndi gawo lake, mfumu mwini dziko idali ndi gawo lake, ndipo njovu ikagwa mnyanga wogunda pansi udali wa mfumuyo.

Mfuti idadza ndi malonda

Mfuti zoyamba zidafika kuno kuchokera kugombe la nyanja yamchere, kudzera ku madoko onga Quelimane, Mozambique ndi Kilwa. Zambiri zidali zakale zimene asilikali a ku Ulaya adasiya kugwiritsa ntchito, zina zopangidwira malonda a mu Africa ku mafakitale a ku Birmingham ndi Liège. Amalonda ankazisinthanitsa ndi minyanga ndi anthu. Mfuti inkabweretsa mnyanga, mnyanga unkagula mfuti ina ndi wonga, ndipo njovu zikachepa, mfuti yomweyo inkatembenukira kumudzi woyandikana nawo kukagwira akapolo.

Ayao atalowa m'dera lino cha m'ma 1860, chimene adaposera Amang'anja sichidali kulimba mtima koma mfuti ndi njira ya kugombe. Amishoni a Bishopu Mackenzie amene adakhazikika pa Magomero mu 1861 adapezeka ali pakati pa nkhondo zimenezi. Patapita zaka makumi awiri, mafumu onga Kawinga pa phiri la Chikala, kumpoto kwa Chilwa, ndi Matipwiri, Mkanda ndi Chikumbu kufupi ndi Mulanje, adali ndi anyamata ambiri amfuti. Njira yaikulu ya akapolo inkadutsa m'chigwa chathu chino n'kukalowa pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi kupita ku Quelimane. Choncho mfuti imene ena a ife timainyadira ngati chuma cha makolo ili ndi mbiri yowawa, ndipo si bwino kuibisa.

Kusaka ndi chipolopolo chimodzi

Mfuti imeneyi ndiyo timaitcha gogodela, dzina lofotokoza ntchito yake, pakuti isanalire mwini wake ankayamba wagogoda. Ankathira wonga kukamwa kwa mfutiyo, n'kuika kansanza kapena luzi, n'kutsindira ndi kachitsulo kotalika. Kenako ankaika chipolopolo cha mtovu, kapena zidutswa za chitsulo mtovu ukasowa, n'kutsindiranso. Zakale zenizeni zinkayaka ndi mwala wothetheka moto, ndipo zapambuyo pake zinkayaka ndi kachipewa kamkuwa komenyedwa ndi nyundo ya mfutiyo. Msilikali wophunzitsidwa bwino ankatha kuwomba katatu pa mphindi imodzi, koma mlenje ali m'tchire, manja akunjenjemera, ankatenga nthawi yoposa pamenepo. M'kati mwa mpope wake mudali mosalala, mopanda mizere yozunguliritsa chipolopolo, choncho kupitirira mayadi 50 kapena 60 kulasa kudali kwa mwayi. Mvula ikagwa wonga unkanyowa, mfuti n'kusanduka chibonga.

Zofooka zimenezi ndizo zidapanga mlenje. Popeza mwayi udali umodzi, iye ankayenera kuyandikira nyama mpaka kumva kupuma kwake. Ankadziwa kuwerenga mapazi ndi ndowe, kuti njati yadutsa usiku kapena m'mamawa. Ankawaza phulusa kapena fumbi kuti aone kumene mphepo ikulowera, n'kukwawa ndi mimba mpaka pa chulu kapena pa mtengo umene angakwerepo zinthu zikavuta. Akawomba, utsi woyera unkamuphimba kumaso, ndipo kwa kanthawi sankadziwa ngati nyama yagwa kapena ikudza. Njati yolasidwa molakwika idapha alenje ambiri, ndipo mfuti yothiridwa wonga wopyola muyeso idadula zala ndi kuboola maso a ena.

N'chifukwa chake ulenje udali ndi miyambo yolimba. Mlenje ankagona padera usiku woti mawa apita kutchire, ankatsirika mfuti yake ndi mankhwala, ndipo mkazi wake kumudzi ankayenera kudzisunga kufikira mwamuna atabwera. Kaya ife ophunzira tiziona bwanji zimenezi, tanthauzo lake n'loonekeratu: kupha nyama yaikulu sikudali masewera, ndipo munthu sankapita kutchire tsiku lililonse. Mlenje wotere akapha ntchefu imodzi, mudzi wonse unkadya ndi kufutsa ina, iye n'kupuma.

Fort Lister ndi pangano la ku Brussels

Mu 1890 maiko a ku Ulaya adasainirana pangano mumzinda wa Brussels lothetsa malonda a akapolo. M'pangano lomwelo adagwirizana kuti m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kuno, anthu akuda asagulitsidwe mfuti zamakono. Zololedwa zidali zakale zoyaka ndi mwala ndi wonga wamba basi. Cholinga cholembedwa chidali chabwino, koma zotsatira zake zidali zoti gogodela itsale kwa eni dziko pamene boma lobwera lidali ndi zida zoposa.

Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston adabweretsa asilikali achi Sikh kuchokera ku India ndipo adalembanso asilikali akuda. Mfuti zawo, za mtundu wa Snider ndipo kenako Martini-Henry, nazonso zidali za chipolopolo chimodzi, koma zinkatsegulidwa kumbuyo. Wonga, chipolopolo ndi choyatsira zonse zidali m'katiriji imodzi yosaopa mvula. Msilikali ankatha kuwomba kakhumi pa mphindi ali chigonere, ndi kulasa munthu ali kutali mayadi mazana angapo, pamene mwini gogodela ankayenera kuimirira kuti atsindire. Mu 1893 boma lidamanga linga la Fort Lister pa mpata uja wa Mulanje ndi Michesi kuti litseke njira ya akapolo. Mu 1895 Kawinga adagonja pa Chikala ndipo Matipwiri adagonjanso chaka chomwecho. Amene mudapitako pa ulendo wa sukulu mudaona mabwinja a lingalo ndi manda ake.

Malonda a akapolo adatha, ndipo tiyenera kuyamika. Koma kuyambira pamenepo kukhala ndi mfuti kudafuna chiphaso cha boma, ndipo wonga sunkagulidwanso mwaufulu.

Malamulo a nyama

Mu 1897 boma la atsamunda lidakhazikitsa malamulo a nyama ndi malo awiri oyamba osungirako nyama m'dziko muno. Ena adali ku Elephant Marsh ku chigwa cha Shire, ndipo ena adali konkuno ku Chilwa. Si ambiri a ife amene tikudziwa kuti dera la nyanja yathu lidakhalapo nkhalango yotetezedwa Liwonde ndi Kasungu zisanaganiziridwe, ngakhale kuti chitetezocho chidachotsedwa mu 1911.

Chiphaso chophera njovu chidali mapaundi 25. Msonkho wa nyumba pa nthawiyo udali masheleni 3 pa chaka, ndipo ngakhale amenewo anthu ankawapeza movutikira pogwira thangata. Owerenga masamu aona kuti chiphaso chimodzi chidali ngati msonkho wa zaka zoposa 160. Lamulolo silidanene kuti munthu wakuda asasake njovu, koma mtengo wake udanena. Chodabwitsa n'chakuti Alfred Sharpe, amene adalowa m'malo mwa Johnston mu 1896 n'kukhala bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland mu 1907, adafika kuno mu 1887 ngati mlenje wa njovu ndi wamalonda a minyanga. Mlenje wachizungu adasanduka wolamula dziko, mlenje wa kumudzi adasanduka wakuba nyama.

Lamulo lina la mu 1927 lidapanikiza ngakhale njira za makolo monga maukonde, mbuna ndi misampha. Amishoni ena ndi mabungwe a anthu akuda a nthawi imeneyo adalitsutsa kwambiri, ponena kuti nguluwe, anyani ndi njovu zikutha minda pamene mlimi wamangidwa manja.

Mfuti zochepa za pa Mandala

Nkhani ya John Chilembwe tonse tidaiphunzira, koma mwina sitidaione ndi diso limeneli. Usiku wa pa 23 January 1915, pamene gulu lina lidapita ku Magomero kumene lidapha William Jervis Livingstone, gulu lina lidayenda kuchokera ku Mbombwe mpaka ku Blantyre kukathyola nyumba yosungira zida ya kampani ya African Lakes pa Mandala. Adapitako chifukwa patatha zaka makumi awiri za ziphaso ndi ziletso, anthu ofuna kuukira boma adalibe mfuti zoti n'kulimbana nazo. Ambiri adanyamula mikondo. Pa Mandala adangopezapo mfuti zochepa chabe mfuu isanamveke, ndipo pasanathe milungu iwiri zonse zidatha. Chilembwe adawomberedwa pa 3 February m'dera la Mulanje akulowera ku Mozambique. Ambiri mwa omutsatira adali Alomwe ogwira ntchito m'minda ya azungu, abale a makolo a ambiri a ife.

Nyengo ya Greener

M'zaka zotsatira kudafika mfuti ina imene dzina lake likumvekabe m'midzi, ya Greener, yopangidwa ndi kampani ya W. W. Greener ya ku Birmingham. Iyi ndi ya machaka, ya mpope umodzi, ndipo imatsegulidwa ngati Martini-Henry: kutsitsa chogwirira chapansi, kulowetsa katiriji imodzi, kutseka. Boma lidaikonda popereka kwa alonda chifukwa ndi yolimba, yosavuta kusamala, komanso siifika patali. Pa zifukwa zomwezo, munthu wakuda wodalirika pamaso pa bwana DC ankatha kuloledwa kukhala ndi mfuti ya mtundu wotere kuti aziteteza munda wake ndi kupha nkhanga, nkhwali, abakha ndi agwape.

Oipeza adali anthu owerengeka: mafumu, aphunzitsi, eni masitolo, asilikali opuma a K.A.R., ndi ena obwera ndi ndalama kuchokera ku Salisbury kapena ku Joni. Mfuti idakhala chizindikiro cha ulemu pamodzi ndi njinga, makina osokera ndi nyumba ya malata. Mwini wake ankaitanidwa nguluwe zikalowa m'chinangwa kapena fisi akavuta m'khola, ndipo ankawerenga makatiriji ake ngati ndalama. Amene sakadatha kupeza chiphaso ankasungabe gogodela mobisa, ndipo amisiri osula ankazikonza mpaka kupanga zina zatsopano. Mfuti zamphamvu zonyamula zipolopolo zambiri, monga .303, zidali za asilikali, apolisi, azungu a m'maesiteti ndi alenje a boma amene ankatumizidwa kukapha nyama zoononga mbewu.

Nanga adatha nyama ndani?

M'chigwa chathu mudali mtundu wa nyumbu umene akatswiri a ku London mu 1896 adautcha dzina la Johnston, atalandira chikopa chochokera kufupi ndi Chilwa. Pofika zaka za m'ma 1920 nyumbu yotsiriza idawomberedwa, ndipo m'chigwa muno simudaonekenso ina. Mtunduwo udapulumukira ku Mozambique ndi ku Tanzania. Idatha zaka makumi atatu chabe chiilandirire dzina lachizungu, pamene idakhala ndi uta ndi mivi kwa zaka mazanamazana.

Tisanamize gogodela kuti idalibe mlandu. Pa nthawi ya malonda a minyanga, mfuti zimenezi zikakhala zambiri m'manja mwa magulu a alenje zidachepetsa njovu kwambiri, ndipo popeza sizinkalasa bwino, nyama zambiri zinkathawa ndi mabala n'kukafera kutali. Koma zidalipo zina zazikulu. Choyamba ndi mfuti zamakono za alenje osakira chisangalalo ndi nyanga zokongoletsa nyumba, zimene zinkatha kugwetsa nyama zingapo pa gulu limodzi lisanabalalike. Chachiwiri ndi khasu. Kuyambira m'ma 1890 Alomwe zikwizikwi adawoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo popeza malo abwino a kumapiri adali atatengedwa ndi maesiteti, ambiri adadzakhala m'chigwa. Tchire lidasanduka minda, ndipo ntchefu singakhale m'munda wa nandolo. Palibe woimba mlandu makolo athu pofuna polima. Chachitatu n'chakuti malamulo aja adachotsa nyama m'manja mwa mafumu n'kuziika m'manja mwa boma lakutali. Munthu akauzidwa kuti nyama si yake, saonanso chifukwa choisiyira mawa, pakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Umboni wina tidauona ndi maso athu. Nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 October 1992, idabweretsa othawa kwawo oposa miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo m'malire mudalowanso mfuti za AK-47, zonyamula zipolopolo 30. Pofika 1992 njovu zonse za ku Majete zidali zitatha. Zimene gogodela idalephera kumaliza pa zaka zana, mfuti zothamanga zidamaliza pa zaka zowerengeka. Njovu zidabwereranso ku Majete pozitenga kwina, bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira malowo mu 2003.

Zatsala ndi mbalame

Kwa ife a kwa Jenala nyama yakutchire imene yatsala yochuluka ndi ya mapiko. Madambo a Chilwa amasunga atsekwe, zipweyo, anadititi ndi mbalame zina zambiri, kuphatikizapo zouluka kuchokera ku Ulaya ndi ku Asia nyengo yachisanu kwawoko. Pa chifukwa chimenechi, Malawi italowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1997, Chilwa ndiyo idakhala malo ake oyamba. Kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adapeza kuti mbalame zoposa miliyoni imodzi zinkagwidwa pa chaka, zambiri ndi misampha ndi ulimbo, zina ndi mfuti za machaka.

Nyanjayi ndi yosaya ndipo imauma, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Matemba ndi milamba zikasowa, asodzi amatembenukira ku mbalame kuti ana adye ndi kupeza fizi. Ambiri a ife tidaphunzira ndi ndalama za m'nyanja imeneyi, choncho sitinganyoze osaka. Chimene chidachitika chabwino n'chakuti kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 osaka mbalame adapanga magulu awo m'midzi yozungulira nyanja, n'kugwirizana za nyengo yoleka kusaka ndi malo osiyira mbalame kuti ziswane. Umenewu ndi mwambo wa uzimba uja utabwerera m'chovala china: eni dera kudziikira okha malire. Kumene magulu otere afooka, mbiri ya nyumbu ikutiuza mathero ake.

Mfuti ya malemu

Pomaliza, pali nkhani imene ikukhudza mabanja athu mwachindunji. Agogo ndi abambo amene adali ndi ziphaso akutha, ndipo mfuti zawo zikutsala m'nyumba. Abale amati, "Uyu ndiye adapita kusukulu, asunge ndi iyeyu." Tidziwe kuti malinga ndi lamulo la mfuti la mu 1967, chiphaso n'cha munthu amene dzina lake lidalembedwapo, ndipo sichigawidwa pamodzi ndi mbuzi ndi mipando pa tsiku la kusesa. Kusunga mfuti popanda chiphaso ndi mlandu, kaya ndi Greener kaya ndi gogodela yadzimbiri. Kusaka nako kuli ndi chiphaso chakechake pansi pa lamulo la nkhalango ndi nyama zakutchire la mu 1992, limene litakonzedwanso mu 2017 lidaika chilango chofika zaka 30 m'ndende pa milandu ya nyama zotetezedwa kwambiri monga njovu.

Mwini mfuti akamwalira, chanzeru n'kudziwitsa apolisi msanga, kuti mfutiyo ikasungidwe kwawo kapena wofuna kuilowa apemphe chiphaso chakechake. Musaiyese kuti muone ngati ikulirabe. Gogodela imatha kukhala ndi wonga m'mimba kwa zaka zambiri popanda wodziwa, ndipo chitsulo chodyedwa ndi dzimbiri chimaphulikira mwini. Anafe a mumzinda timapita kumudzi ndi adzukulu okonda kutolatola, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Koma isanachoke pakhomo, ijambuleni chithunzi. Lembani zilembo ndi manambala amene ali pa chitsulo chake, pakuti amatha kusonyeza kumene idapangidwa. Khalani pansi ndi achikulire amene atsala muwafunse kuti idagulidwa kuti, ndi chiyani, idapha nyama yanji yomaliza ndipo padali pati. Maina a madambo ndi zulu zimene adzatchule ndiwo mapu a chigwa chimene ife sitidachione. Zimene mwapeza tumizani kwa mkonzi wa kalata ino kuti tizisindikize, ndipo tikazisonkhanitsa tidzapereke ku laibulale ya sukulu yathu, kuti ana amene akukhala pa madesiki athu aja adzawerenge mbiri ya kwawo yolembedwa ndi anthu akwawo.